Makanema aafupi ophunzitsa ku Malawi

Makanema aafupi ophunzitsa ndi mafilimu a mphindi zochepa amene amapangidwa pofuna kufotokoza nkhani za sayansi, za umoyo, za ulimi kapena za kakhalidwe ka anthu m'njira yoti munthu wamba amve. Bungwe limene limapereka mphotho za Oscar ku United States limati filimu yaifupi ndi yomwe sipitirira mphindi 40, koma makanema ambiri ophunzitsa amakhala aafupi kuposa pamenepo. Ku Malawi makanema otere anayamba kuonetsedwa m'zaka za m'ma 1930, pamene atsamunda ankayenda nawo pa galimoto m'midzi. Masiku ano amaonetsedwa m'masukulu, m'zipatala, pa mabwalo a mafumu, pa wailesi yakanema ndiponso pa foni za m'manja.

M'boma la Mangochi ndi madera ena a kumwera kwa Nyanja ya Malawi, nkhani zimene makanemawa amakhudza ndi za tsiku ndi tsiku: likodzo, kolera, kuchepa kwa nsomba, ulendo wa ku Joni ndi nkhawa zimene umasiya pakhomo. Zimene zaoneka m'zaka zonsezi ndi zoti kanema payekha sasintha zambiri. Phindu lake limadalira amene anamupanga, chilankhulo chimene walankhula, ndi zokambirana zimene zimachitika akatha. Pa nkhani za thanzi la m'maganizo, kanema wopangidwa mosasamala akhoza kuvulaza anthu omwe amafuna kuwathandiza.

## Mitundu yake

Makanema aafupi ophunzitsa alipo a mitundu inayi ikuluikulu. Woyamba ndi wa zochitika zenizeni, momwe anthu enieni amafotokoza za moyo wawo kapena za ntchito yawo. Wachiwiri ndi wa sewero, momwe nkhani yopeka imaseweredwa ndi azisudzo. Wachitatu ndi wa zithunzi zojambula pamanja kapena pa kompyuta, zomwe ambiri amazitcha makatuni. Mtundu umenewu umathandiza kuonetsa zinthu zosaoneka ndi maso, monga tizilombo ta m'madzi kapena zimene zimachitika m'thupi. Wachinayi ndi wa makanema amene anthu a m'mudzi amajambula okha ataphunzitsidwa kagwiridwe ka kamera.

## Mbiri

### Nthawi ya atsamunda

Pakati pa 1935 ndi 1937 panachitika ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yomwe inakonzedwa ndi bungwe la International Missionary Council ndi ndalama za Carnegie Corporation. Oyendetsa ntchitoyi, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, anali ndi malo awo ojambulira ku Vugiri m'dziko la Tanganyika ndipo anapanga mafilimu pafupifupi 35. Mitu yake inali monga njoka za m'mimba, malungo a ana, kukokoloka kwa nthaka, msonkho ndi kusunga ndalama ku positi ofesi. Mawu ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Mafilimuwa anayenda pa lole m'maiko a Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland.

Mu 1939 boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit, yotsogozedwa ndi William Sellers, yemwe kale ankagwira ntchito za umoyo ku Nigeria. Sellers ankakhulupirira kuti anthu a m'midzi ya mu Africa sangatsatire filimu yothamanga, choncho mafilimu ake anali ochedwa ndi obwerezabwereza. Mu 1948 kunabadwa Central African Film Unit, yomwe likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Inkatumikira Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland mpaka 1963. Mafilimu ambiri a nthawiyo ankayerekeza anthu awiri: wanzeru, amene wamvera mlangizi wa boma n'kupindula, ndi wopusa, amene wakakamira njira za makolo n'kuluza. Ambiri analibe mawu, ndipo womasulira ankaima pambali n'kumafotokoza. Akatswiri a mbiri yakale, monga James Burns, analemba kuti oonera sankangomeza zonse: ankaseka, ankatsutsa, ndipo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, ambiri anayamba kuona galimoto za kanema ngati chida cha ndale za boma.

### Malawi atalandira ufulu

Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda dziko linalibe wailesi yakanema. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linapereka mphamvu ku bungwe lounika mafilimu kuti lizivomereza kapena kuletsa filimu iliyonse isanaonetsedwe pagulu. Anthu ambiri a kumudzi ankaona kanema pokhapokha galimoto ya boma ikabwera. Nthambi ya Extension Aids ya Unduna wa Zamalimidwe, yomwenso inkasindikiza magazini ya *Za Achikumbi*, inali ndi galimoto zachikasu zimene zinkaonetsa mafilimu a ulimi ndi masewero a zidole.

Wailesi yakanema ya Television Malawi inayamba mu 1999, pa nthawi imene Edzi inali itafika povuta. Masewero monga *Tikuferanji* anabweretsa nkhani za matendawa m'nyumba za anthu. Mu 2001 kunatuluka mndandanda wa mafilimu oposa 30 wotchedwa *Steps for the Future*, wojambulidwa m'maiko angapo a kumwera kwa Africa. Chachilendo chake chinali chakuti mafilimuwa sankaonetsedwa okha: pankakhala munthu wotsogolera zokambirana, ndipo nthawi zina munthu amene ali mufilimuyo ankabwera kudzayankha mafunso. Njira imeneyi inatsatiridwa ndi mabungwe ambiri pambuyo pake. Ku Zomba, bungwe la Art and Global Health Center Africa linagwiritsa ntchito filimu ya pulojekiti yake ya Make Art/Stop AIDS poyambitsa zokambirana m'midzi, ndipo pamalo pomwepo pankakhalanso mwayi woyezetsa magazi.

Pa nkhani za sayansi, chitsanzo chodziwika ndi cha William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Filimu yaifupi ya *Moving Windmills* ya 2008 inathandiza kufalitsa mbiri yake zisanatuluke filimu zazitali za *William and the Windmill* mu 2013 ndi *The Boy Who Harnessed the Wind* mu 2019.

## Makanema ojambulidwa ndi eni mudzi

Njira yopereka kamera kwa anthu wamba inayambira pa chilumba cha asodzi cha Fogo ku Canada mu 1967. Colin Low wa bungwe la National Film Board of Canada ndi Donald Snowden wa ku Memorial University anajambula timafilimu tatifupi ta anthu a pachilumbapo akufotokoza mavuto awo. Timafilimuto tinaonetsedwa m'midzi ina ya pachilumbapo ndiponso kwa akuluakulu a boma. Anthu anazindikira kuti mavuto awo ndi amodzi, ndipo anakhazikitsa kopaletivi ya asodzi m'malo mosamutsidwa monga mmene boma linkaganizira.

Ku Malawi, chitsanzo cholembedwa bwino ndi cha mudzi wa Mphunga m'boma la Salima, m'mphepete mwa nyanja. Mu 2008 bungwe la Malawi Red Cross Society, mothandizana ndi Red Cross Red Crescent Climate Centre ndi wojambula Fernanda Baumhardt, linaphunzitsa alimi a m'mudzimo kujambula kanema wa momwe akuthanirana ndi kusintha kwa nyengo. Alimiwo anasankha okha mauthenga. Ena mwa iwo anali kubzala mbewu zosiyanasiyana, kuchita ulimi wothirira, kusunga chakudya m'matumba osavuta kunyamula madzi akasefukira, ndi kuweta abakha m'malo mwa nkhuku chifukwa bakha amayandama pamene nkhuku imamira. Kanemayo anaonetsedwa m'midzi ina ya m'bomalo, ndipo oonera ankafunsidwa mafunso asanaone ndiponso ataona. Ambiri anati ndi okonzeka kuyesa njirazo. Chimene chinakopa anthu n'chakuti wolankhula anali mlimi mnzawo, wa chilankhulo chawo ndi mavuto ofanana ndi awo.

## Kufalitsa

Kanema wabwino amene sanafike kwa anthu ndi wopanda ntchito. Popeza mabanja ambiri a kumudzi alibe magetsi a ESCOM, mabungwe amagwiritsa ntchito jenereta, sola ndi pulojekita yaing'ono, ndipo nsalu yoyera kapena khoma la sukulu limakhala poonetsera. Bungwe la ku Britain la Purple Field Productions, lomwe linapanga filimu ya ulimi ya *Mbeu Yosintha*, linkaonetsa mafilimu ake ndi zipangizo zonyamula m'chikwama chakumsana.

Njira ina ndi ya anyamata otchedwa ma DJ, amene ali ndi kompyuta m'timashopu ta m'misika ndipo amaika nyimbo ndi mafilimu pa memori ya foni pa mtengo wochepa. Cha m'ma 2015 bungwe la Access Agriculture linapereka kwa ma DJ a m'chigawo cha kumwera makanema a ulimi omasuliridwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chisena, okhudza mpunga, tsabola ndi kaufiti. Ofufuza atabwerera anapeza kuti alimi anagula makanemawo ndi kuwaonera pa foni wamba popanda mlangizi, ndipo ena anayesa zimene anaona. Bungwe la Scientific Animations Without Borders, lomwe linayambira ku University of Illinois mu 2011, limapanganso makatuni a ulimi ndi umoyo amene mawu ake amasinthidwa mosavuta kupita m'zilankhulo zosiyanasiyana. Masiku ano makanema ambiri amayenda pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ngakhale mtengo wa bandulo ndi kuvuta kwa netiweki zimalepheretsa ambiri.

## Mangochi ndi kumwera kwa nyanja

Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Ambiri ndi Ayao ndipo ambiri ndi Asilamu, koma m'madera monga Monkey Bay ndi Chembe muli Anyanja ochuluka, komanso Atonga ndi ena obwera kudzawedza. Bomali lili ndi malo angapo a sayansi: nthambi ya zaumoyo wa anthu ya Kamuzu University of Health Sciences pa boma, chipatala cha Lungwena komwe kwachitika kafukufuku wa kadyedwe ka ana ndi amayi mogwirizana ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland, malo ofufuza za nsomba ku Monkey Bay, ndi Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe. Kulinso Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Zimene ofufuza amapeza m'malo amenewa nthawi zambiri zimasindikizidwa m'Chingerezi chovuta, ndipo apa ndi pamene kanema wamfupi amathandiza kuzibwezera kwa eni ake.

### Likodzo

Likodzo ndi chitsanzo cha matenda ovuta kuwafotokoza ndi pakamwa pokha. Munthu wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tizilombo amaswa ndipo tizilomboto timalowa mu nkhono. Tikakula timatuluka m'nkhonomo n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Zonsezi sizioneka ndi maso, koma katuni ya mphindi zochepa ikhoza kuonetsa ulendo wonsewo. Ofufuza Jay Stauffer ndi Henry Madsen anasonyeza kuti ku Cape Maclear nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kuwedza mopyola muyeso. Mu 2017 ofufuza anapezanso nkhono za mtundu wa *Biomphalaria* m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo kenako likodzo la m'matumbo linapezeka mwa ana a sukulu. Dokotala Sekeleghe Kayuni ndi anzake anafufuzanso likodzo la ziwalo zoberekera mwa asodzi a m'bomali. Nkhani yotereyi amuna ambiri amachita nayo manyazi pagulu, ndipo kanema woonera pa foni kapena m'kagulu ka amuna okhaokha amapereka mpata woti afunse. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amagawidwa m'masukulu, koma munthu amatenganso matendawa akabwerera m'madzi omwewo.

### Kolera

Mliri wa kolera umene unayambira m'boma la Machinga mu March 2022 unali waukulu kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi. Anthu oposa 1,700 anamwalira, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anali ndi odwala ambiri. M'madoko momwe asodzi amakhala kwa kanthawi zimbudzi zimakhala zochepa ndipo ambiri amamwa madzi a m'nyanja. Padziko lonse, kanema wodziwika pa matendawa ndi *The Story of Cholera*, katuni ya mphindi zochepa imene Yoni Goodman anajambulira bungwe la Global Health Media Project mu 2011. Imaonetsa mnyamata amene akupulumutsa bambo ake ndi madzi a mchere ndi shuga, kenako n'kuphunzitsa mudzi wonse. Tizilombo tinajambulidwa mooneka, kotero woonera amatsatira momwe tikuchokera m'chimbudzi kupita m'madzi, m'manja ndi m'chakudya.

### Nsomba ndi kusintha kwa moyo

Chambo chinayamba kuchepa kwambiri m'Nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1993 boma linayambitsa kumeneko ndondomeko yoti asodzi azitenga nawo mbali posamala nsomba kudzera m'makomiti a m'madoko. Malamulo otseka nyanja nthawi imene nsomba zikuswana ndi oletsa maukonde a maso aang'ono amamveka bwino msodzi akaona momwe chambo chimakumbira chisa pansi pa nyanja ndi kulerera ana m'kamwa. Zithunzi zojambulidwa pansi pa madzi zimaonetsa zimenezi. Filimu ya Shemu Joyah ya *The Last Fishing Boat* ya 2012, ngakhale ndi yaitali, inajambulidwa m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndipo ikukamba za msodzi wotchedwa Yusufu amene moyo wake ukusokonekera chifukwa cha kuchepa kwa nsomba ndi kukula kwa ntchito zokopa alendo.

### Chilankhulo ndi chikhulupiriro

Kanema wa m'Chichewa samveka mofanana m'boma lonse. Kumadera monga Makanjira, Namwera ndi Katuli, amayi ndi okalamba ambiri amamasuka kwambiri m'Chiyao. Mawailesi a m'deralo, monga Dzimwe ya ku Monkey Bay yomwe inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mothandizidwa ndi UNESCO, anasonyeza kale ubwino wolankhula ndi anthu m'chilankhulo chawo. Nthawi yoonetsera nayonso imafunika kuiganizira: asodzi a usipa amapita panyanja usiku, Lachisanu masana ndi nthawi ya Jumu'ah, ndipo m'mwezi wa Ramadan madzulo anthu amakhala akumasula swaumu.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana. Mphekesera za anamapopa zimene zinabuka m'chigawo cha kumwera mu 2017 zinaphetsa anthu ndipo zinaimitsa ntchito za mabungwe ena. Kafukufuku wa zaumoyo nthawi zambiri amafuna kutenga magazi kapena mkodzo. Kanema woonetsa kumene magaziwo amapita, amene amawayeza ndi zimene zimachitika akatha kuyeza amachepetsa mantha, makamaka ngati wolankhula ndi munthu wodziwika m'deralo.

## Thanzi la m'maganizo

### Mmene zinthu zilili

Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo ndi Zomba Mental Hospital, chomwe chinatsegulidwa mu 1953 ndipo chili pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma la Mangochi. A Saint John of God Hospitaller Services amathandiza anthu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala a matendawa ndi ochepa kwambiri, ndipo m'maboma ntchitoyi imagwiridwa ndi anamwino ndi makiliniko ofesa ophunzira za maganizo. Kwa zaka zoposa 70 nkhanizi zinkayendetsedwa ndi lamulo la atsamunda la Mental Treatment Act la 1948. Mabanja ambiri amayamba apita kwa asing'anga, kwa mashehe kapena kwa abusa asanafike kuchipatala.

Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene kwachitika kafukufuku wa thanzi la m'maganizo la amayi oyembekezera. Robert Stewart ndi anzake anamasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao mafunso ounikira matenda okhumudwa ndipo anawayesa pa sikelo ya amayi pa chipatala cha boma cha Mangochi. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi khumi aliwonse anali ndi matenda okhumudwa aakulu. Nkhanza za m'banja ndi kusowa womuthandiza ndi zina mwa zinthu zimene zinkayendera limodzi ndi matendawa. Izi n'zofunika m'boma limene amuna ambiri amakhala zaka ali ku South Africa, kusiya akazi ndi ana pakhomo.

### Vuto la mawu

Mawu akuti "misala" amatanthauza munthu amene wasokonekeratu, woyenda m'misewu. Munthu amene akusowa tulo, wataya chilakolako cha chakudya ndipo sakuonanso phindu la moyo sadziona ngati wamisala, choncho saganiza zopita kuchipatala. Anthu amanena kuti akuganiza kwambiri, ali ndi nkhawa kapena mtima ukuwawa. M'zaka za m'ma 2010, mabungwe a Farm Radio International ndi Farm Radio Trust, mogwirizana ndi dokotala wa ku Canada Stan Kutcher, anayendetsa pulogalamu ya achinyamata ya pa wailesi yotchedwa *Nkhawa Njee*, yomwe inali ndi sewero ndi makalabu omvera m'masukulu. Pulogalamuyi inathandiza kufalitsa mawu akuti "matenda okhumudwa". Ntchitoyi inajambulidwanso mufilimu ya zochitika zenizeni ya *Mental Health on Air*. Wopanga kanema amayenera kusankha mawu mosamala chimodzimodzi, chifukwa mutu wokhala ndi mawu akuti "misala" umathamangitsa anthu omwe akufunika kuonera.

### Zimene zimathandiza

Lipoti la akatswiri limene magazini ya *The Lancet* inasindikiza mu 2022 linati njira yamphamvu yochepetsera kusalana ndi yoti anthu akumane ndi munthu amene anadwalapo matenda a m'maganizo ndi kumva nkhani yake, kaya maso ndi maso kapena kudzera pa kanema. Choncho kanema wa munthu amene anadwala, analandira thandizo ndipo wabwerera ku ntchito yake amaposa kanema wa dokotala akuwerenga zizindikiro. Ku Malawi bungwe la Mental Health Users and Carers Association limasonkhanitsa anthu otere ndi owasamalira. Makatuni amathandizanso chifukwa amabisa nkhope. Mu 2012 bungwe la World Health Organization linatulutsa katuni ya Matthew Johnstone yotchedwa *I had a black dog, his name was depression*, momwe matenda okhumudwa akuyerekezedwa ndi galu wakuda wotsatira munthu paliponse. Fanizo limeneli ndi la ku Ulaya, ndipo opanga makanema a kuno amayenera kufunafuna mafanizo omveka kwa anthu a kwawo.

### Kuopsa kwake

Nkhani ya kudzipha imafuna kusamala kwapadera. Mu 1974 katswiri David Phillips anasonyeza kuti imfa zotere zimachuluka nkhani ya kudzipha ikalembedwa mokokomeza m'manyuzipepala. Mu 2010 ofufuza a ku Austria otsogozedwa ndi Thomas Niederkrotenthaler anapeza mbali inayo: nkhani za anthu amene anafika povuta koma anapeza njira yopulumukira zimathandiza kuteteza ena. Sewero la Netflix la *13 Reasons Why* la 2017 linadzudzulidwa chifukwa choonetsa imfa ya mtsikana mwatsatanetsatane, ndipo mu 2019 kampaniyo inachotsa gawolo. Chaka chomwecho World Health Organization inatulutsa malangizo kwa opanga mafilimu. Malangizowo amati asaonetse njira imene munthu wagwiritsa ntchito, asapereke chithunzi choti imfayo yabwera ndi chifukwa chimodzi chokha monga ngongole kapena kutha kwa chibwenzi, aonetse anthu akupempha ndi kulandira thandizo, ndipo atchule kumene thandizo likupezeka. Ku Malawi, bungwe la Youth Net and Counselling la ku Zomba limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandizira ana, ndipo chipatala chilichonse cha boma ndi poyambira kufunsa.

## Kaonetsedwe

Oonetsa amayamba apempha chilolezo kwa mfumu ndi kudziwitsa alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Kanema akatha, wotsogolera amafunsa mafunso osavuta: mwaonapo chiyani, kodi zoterezi zimachitika kuno, mukanakhala inu mukanatani. Pa nkhani zochititsa manyazi, anthu amagawidwa m'magulu a amayi, abambo, atsikana ndi anyamata, chifukwa mtsikana sangalankhule za kumwezi kapena za nkhanza pamaso pa amalume ake. Pa makanema a thanzi la m'maganizo pamafunika phungu kapena namwino woti munthu amene wakhudzidwa akalankhule naye pambali. Kuonetsa kanema wolimbikitsa anthu kupita kuchipatala pamene chipatalacho chilibe mankhwala kumachititsa anthu kutaya chikhulupiriro, choncho okonza amayenera kulumikizana ndi ofesi ya zaumoyo ya boma asanayambe. Masiku amene makanemawa amaonetsedwa kawirikawiri ndi 10 September, tsiku lopewa kudzipha, ndi 10 October, tsiku la thanzi la m'maganizo.

## Chilolezo ndi malamulo

M'mudzi aliyense amadziwa mnzake. Munthu akhoza kuzindikirika ndi mawu ake, chitenje chake kapena mtengo wa pakhomo pake ngakhale nkhope itabisidwa. Amene wavomera kujambulidwa ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chake kumene kanemayo adzaonetsedwe, komanso kuti akangofika pa WhatsApp palibe amene angamubweze. Ana amafunika chilolezo cha makolo, ndipo munthu amene akudwala kwambiri m'maganizo sayenera kujambulidwa mpaka atapezako bwino n'kutha kusankha yekha. Njira yabwino ndi kuonetsa kanemayo kwa amene ali m'menemo asanatuluke, kuti achotsetse zimene sakuzifuna. Ngati kanemayo ndi mbali ya kafukufuku, amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga College of Medicine Research and Ethics Committee kapena National Health Sciences Research Committee. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza anthu kudzera pa intaneti.

## Zovuta

Makanema ambiri ophunzitsa amapangidwa ndi ndalama za mabungwe akunja, choncho mitu yake imatsatira zofuna za opereka ndalamawo ndipo kuonetsa kumatha pulojekiti ikatha. Makanema a m'Chiyao ndi ochepa poyerekeza ndi a m'Chichewa ndi Chingerezi, ndipo ochepa ali ndi womasulira m'chinenero chamanja. Kuyeza phindu lake n'kovutanso, chifukwa munthu kunena kuti asintha n'kosiyana ndi kusinthadi: msodzi akhoza kumvetsa bwino momwe likodzo limafalikira, koma mawa lake amalowabe m'madzi chifukwa ndimo muli chakudya cha banja lake. Njira zomwezo zimene zimafalitsa makanema abwino zimafalitsanso abodza, monga zinachitikira ndi mphekesera za katemera wa COVID-19. Komabe, kuchuluka kwa foni zojambula kwachititsa kuti ophunzira a sekondale, makalabu a achinyamata ndi makomiti a m'madoko athe kupanga makanema awoawo pa mtengo wochepa, chinthu chimene m'nthawi ya galimoto za kanema chinali m'manja mwa boma lokha.

## Onaninso

* Mangochi
* Nyanja ya Malawi
* Likodzo
* Zomba Mental Hospital
* Shemu Joyah
* William Kamkwamba